Mizu ya Makangaza

Pa anthu onse ogwira ntchito m'nkhalango ya paini ya ku Viphya, amene ankadyera maso ake anali Lyson Chimwaza wa ku Dowa. Ena ankadyera nkhwangwa, ena macheka, koma iye ntchito yake inali kukwera pansanja yayitali m'chilimwe n'kumangoyang'ana. Akaona utsi ankapukusa telefoni n'kuuza a kapitawo phiri lake ndi khwawa lake, anthu n'kuthamangira komweko moto usanakule. Anzake ankamunyogodola kuti amalandira malipiro a kukhala pansi, komatu ankadziwa kuti mkuluyo ankasiyanitsa utsi wa osaka mbewa ndi fumbi la lole ali kutali kosaneneka. Nyumba ya kukampaundi, sukulu ya ana, ufa wa pamwezi, zonsezo zinkachokera m'maso amenewo.

Chaka chimenecho, mvula ili mkati, malungo anamugwetsa. Anagona m'chipatala cha pa Boma la Mzimba, ndipo potuluka anali mafupa okhaokha, m'manja muli mbuu, kuyenda pang'ono wefuwefu. A dokotala anati magazi achepa, adye bwino ndipo apume. Kuntchito anamuuza kuti malo amusungira mpaka udzu uume. Ukauma iye asanakwere pansanja, aikapo wina.

Mkazi wake, Emmie NyaShaba wa ku Euthini, sanali munthu wopinda manja. Anamutengera m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya mlongo wake Stafford, pa Boma pomwepo, kuti chipatala chikhale pafupi. Sitoloyo kale inali ya mmwenye, amwenye asanawasamutsire kumizinda ikuluikulu, ndipo Emmie ali mtsikana ankalera ana pakhomopo. Mmwenye uja anasesa zonse pochoka, ndi misomali ya mashelefu yomwe, koma mtengo wa makangaza umene mkazi wake anadzala pafupi ndi bafa sakanaunyamula pamutu. Anthu a pa Boma ankautcha chimanga chachizungu, ndipo ankangousiyira ana ndi mbalame, poti munthu wamkulu angakhute bwanji ndi tinjere totero.

Emmie ankakumbukira zimene dona uja, mkazi wa mmwenyeyo, ankachita mwana akadwala. Ankang'amba chipatso, kukolola tinjere tofiira tija m'mbale, kutimanga m'kansalu koyera n'kufinya mpaka madzi atadzaza kapu. Naye anachita chimodzimodzi.

"Imwani, bambo a Nesta," anatero akumupatsa mwamuna wake kapu.

Lyson anayang'ana m'kapumo mokayika. "A NyaShaba, mwandiphera nkhuku n'kundipatsa magazi okha?"

"Imwani basi. Mbwenu mukachira mudzandiseka bwino."

Anamwa, ndipo kunena zoona zinthu zija zinamuyanja. Mkamwa mmene munkawawa munayamba kumva kukoma, m'mimba mmene munkangotseguka munakhazikika, ndipo munthu amene ankakankha mbale anayamba kufunsa ngati nyemba zatsalako. Atapita kukaonedwanso, a dokotala anamukoka chikope n'kugwedeza mutu mokhutira. Emmie sanachedwe kudzitama za makangaza ake.

"Chipatsocho n'chabwino, mayi, pitirizani," anatero a dokotala. "Koma chimangothandizira. Mapiritsi a magazi asasiye, chakudya asasiye, ndipo musamuthamangitse. Thupi limabwerera pang'onopang'ono."

Mawu akuti pang'onopang'onowo ndi amene Emmie sanawamve, kapena anawamva n'kuwasiya pakhomo la chipatala. Iye mtima wake unali pa udzu. M'mawa uliwonse potaya madzi ankaponya maso kumapiri a kum'mawa, ndipo m'mawa uliwonse msipu uja unkaoneka kuti wayamba kufiirira. Tsiku lina Lyson anakwera makwerero kuti athandize mlamu wake kukhoma lata limene linkachita phokoso. Asanafike n'pakati pomwe anaima, miyendo ikunjenjemera, n'kutsika ali thukuta kamukamu. Nsanja ya kunkhalango inali yotalika kuposa denga la sitolo kangapo konse, ndipo Emmie anachita mantha kwambiri.

Kuzizira kwa mwezi wa Juni kutafika, makangaza anatha. Chotsiriza chinali chong'aluka kale, mbalame zitadyako mbali. Emmie anazungulira msika wonse, anafunsa ku nyumba za akuluakulu a boma, anatumiza uthenga ku Euthini, koma anthu ankangomudabwa kuti mayi wamkulu akusaka chakudya cha ana.

Apa m'pamene nzeru zinamupeza, nzeru zija zimabwera munthu ukapanikizika. Kwawo kumene anakulira, palibe amene ankachiza matenda ndi zipatso. Zipatso n'zotolera ana popita kudambo. Munthu akadwala zenizeni, akuluakulu ankatenga khasu n'kulowa m'tchire, chifukwa aliyense amadziwa kuti mphamvu ya mtengo imakhala pansi. Tsono ngati tinjere tokha tadzutsa munthu chonchi, nanga muzu wake? Zoti dona uja sanamuonepo akukumba mizu anazikumbukira ndithu, koma anadziyankha yekha kuti mayi amene uja khasu ankalidziwira kuti.

Masana ena, Stafford atapita kukaoda katundu, Emmie anakumba mbali imodzi ya mtengowo. Anadula mizu yonenepa bwino, anaisenda makungwa, anaphatikiza ndi makoko ouma a zipatso zija, n'kuwiritsa mumphika mpaka madzi atada ngati tiyi wa m'lesitilanti. Dothi analibwezera n'kupondaponda kuti mlongo wake asalankhule zambiri.

Lyson atangolawa, nkhope yonse inakwinyika. "Izi ndiye zasinthatu."

"Mtengo ndi womwewo," anatero Emmie. "Zowawa ndiye zimachiza chomene."

Lyson anamuyang'ana, anayang'ananso matuza amene anali m'manja mwa mkazi wakeyo, ndipo anagugudiza kapu yonse.

Tsoka lake linali lakuti tsiku loyambalo mankhwala anaoneka ngati agwira ntchito. Lyson anasanza, m'mimba munapotokola, ndipo pobwera kuchimbudzi ananena mwamanyazi kuti mwatuluka njoka zam'mimba. Emmie anatsala pang'ono kululutira. Si izi nanga, zimene zinkamumwa magazi mwamuna wake, zimene ngakhale a dokotala ndi mapiritsi awo sanazione? Mawa lake anawonjezera mizu mumphika, ndipo m'malo mwa kapu imodzi anayamba kumupatsa m'mawa ndi madzulo. Lyson akadandaula chizungulire ndi kukokana kwa miyendo, Emmie ankati ndi mankhwala akulimbana ndi matenda. Ankanena ndi mtima wonse, chifukwa mwamuna wakeyo ankamukonda.

Patapita masiku, Lyson anali atakhala pakhonde la sitolo kuothera dzuwa. Emmie anabwera ndi phala.

"Chifunga cha lero sichikuchokatu," anatero Lyson. "Nthawi yonseyi?"

Emmie anayang'ana kumsewu. Kunja kunali kutayera mbee, dzuwa lili phwee, moti ankatha kuwerenga anthu amene anyamata a chipani ankawafunsa makadi a chipanicho pachipata cha msika. Anamupatsa mbale ya phala ija, ndipo dzanja la Lyson linapita pambali n'kugwira mphepo.

Kuchipatala a dokotala anamuunika m'maso ndi katochi, anamufunsa ngati wamwa kachasu woipa kapena mankhwala ena alionse. Lyson anakana. Anati iye chimene amamwa ndi makangaza a mkazi wake basi, amene anamudzutsa ali pafupi kufa. Emmie anangoti zyoli. A dokotala atatuluka, anawatsatira m'khonde, anamasula mfundo ya chitenje chake n'kuwaonetsa kachidutswa ka muzu.

A dokotala anakanunkhiza, n'kupuma mozama. "Mwamumwetsa wochuluka bwanji?"

Emmie anawauza.

"Mayi, mtengo ndi umodzi koma si wonse wodyedwa. Madzi a tinjere tija ndi chakudya. Mizu ndi makungwa muli ululu. Umapha njoka zam'mimba, inde, koma ukachuluka umagwiranso mwini mimbayo, ndipo umathamangira kumaso. Bwanji simunafunse?"

"Maso abwerera?" anafunsa Emmie.

"Ena amabwerera, ena pang'ono chabe. Siyani lero lomwe, ndipo tidikire."

Anadikira. Mphika uja Emmie anakautaya kudzala, koma kwa mwamuna wake sananene kanthu. Chodabwitsa n'chakuti thupi la Lyson linayamba kubwerera bwinobwino monga ananenera a dokotala poyamba paja, ndi mapiritsi omwe aja ndi nyemba zomwe zija. Pofika mwezi wa Ogasiti ankawaza nkhuni osapumira. Maso nawo anabwererako, moti ankazindikira munthu akaima pafupi ndipo ankayenda yekha mpaka kumsika. Koma chilichonse chopitirira tsidya la msewu chinali chifunga chokhachokha. Emmie ankamuona akuwaza nkhunizo n'kumadzifunsa kuti ankathamangira chiyani, ndipo chisoni chinkamudya ngati chiswe.

Udzu unauma. Tsiku lina m'mawa lole ya kunkhalango inaima kutsogolo kwa sitolo, ndipo munatsika a Bestone Mkandawire, kapitawo wa oyang'anira moto, amene anabwera pa Boma kudzatenga katundu. Emmie anali ataionera patali loleyo. Anathamangira kwa mwamuna wake n'kumunong'oneza msangamsanga.

"A kapitawo abwera. Akakufunsani, kuli utsi kuphiri la kum'mawa, kumanja kwa mtengo wa bulugamu. Woyera, wochepa. Mukangobwerera pantchito, ine ndizikwera nanu pansanja, ndiziona ndine."



A Mkandawire anamugwira chanza mwamphamvu n'kumuyamikira kuti wanenepa. Anati anamva mphekesera za maso, koma anthu amakonda kukokomeza. Kenaka moseka analoza kumapiri. "Tatiuzani, a Chimwaza, kukuoneka chiyani uko? Ine ndikuona ngati fumbi."

Lyson anatembenuzira nkhope kum'mawa ndipo anakhala choncho kanthawi, maso ali tong'o.

"Sindikuona kanthu, bwana," anatero. "Ngakhale phirilo sindikuliona. Ikanipo wina, mitengo ingapse ndi anthu omwe."

A Mkandawire anavula chipewa n'kuchipotapota m'manja. Anapepesa, anati akalankhula ndi akuluakulu ngati pangapezeke ntchito ya kunazale yothirira mbande, koma asalonjeze. Za nyumba ya kukampaundi anati mwezi ukatha pafunika kuchotsamo katundu, poti wolowa m'malo ali ndi banja. Emmie anangoti, "Yewo, dada," osadziwa chimene akuthokoza. Lole inanyamuka.

Anatsala awiri pakhondepo. Emmie anagwada pafupi ndi mpando wa mwamuna wake, ndipo misozi imene anaisunga miyezi yonseyi inayamba kutsika.

"Bambo a Nesta, maso anu ndinawononga ndine. Zowawa zija sizinali makangaza. Ndinakumba mizu. A dokotala anandiuza kuti ndi imeneyo, ine n'kukubisirani."

Lyson anapapasa mpaka anapeza phewa lake.

"Ndinkadziwa, a NyaShaba. Ndinamva khasu tsiku lija, ndipo a dokotala ndinawamva pawindo."

Emmie anadzutsa mutu.

"Chifunga chinayamba kale ndisananene," anapitiriza Lyson. "Tsiku lachitatu lomwe ndinaona kuti mapiri akuthawa. Ndinaganizako kuti ndi zowawazo."

"Nanga bwanji simunakane? Bwanji munkangomwa?"

Lyson anasisita phewa la mkazi wake ndi chala.

"Munkabwera ndi kapu ija mukumwetulira," anatero. "Chidwalireni ine, ndinali ndisanakuoneni mukumwetulira. Ndinati ndimweko kamodzi kokha, mawa ndikana."