Mazenera Ang'onoang'ono

M'chaka cha 1974 khonsolo ya Salisbury idaganiza zogwetsa mzere wa nyumba zakale ku lokeshoni yake ya Harare, kumene bambo ake a Tecla adafikira atachoka ku Dedza. Tecla, mayi wamasiye amene ankasoka zovala pakhonde, adakamva nkhaniyi pa msonkhano mu holo. Mzungu wojambula mapulani adaimika chithunzi patebulo, ndipo bambo Hector, kalaliki wa khonsolo, ankamasulira m'Chishona atatukumula chifuwa.

Akuti pamalopo pamangidwa nyumba yosanja, pansi masitolo, pamwamba zipinda zogona. Akuti mzunguyo adazungulira lokeshoni yonse n'kukopeka ndi maonekedwe ake akale, choncho yatsopanoyo idzafanana ndi zinzake: njerwa zofiira zopanda pulasitala, mazenera ang'onoang'ono, chimbudzi chimodzi kuseri.

Tecla adaseka osabisa. Mazenera amenewo ndi omwe adamuthera maso posoka. Chimbudzicho adachiimira pamzere chibadwire. Ndiye munthu wogona kumayadi n'kupezapo kukongola, atasuzumira ali m'galimoto.

"Bambo Hector, afunseni ngati nsikidzi azijambulanso," adatero m'Chichewa. "Nazonso n'zakale."

Bambo Hector, amene mayi awo anali a ku Ntcheu, adachita ngati chilankhulocho akuchimva koyamba. Adatembenukira kwa mzunguyo n'kumuuza kuti mayiwa akuthokoza boma. Mzunguyo adagwedeza mutu mokondwa. Tecla adanyamula dengu lake n'kutuluka msonkhano uli mkati, ndipo kuyambira pamenepo sadawapatsenso moni.

Nyumba zidagwa mvula isanayambe. Tecla adapempha sitolo imodzi yapansi, koma adamuyankha kuti mkazi wopanda mwamuna, wobwera n'kale, sangapatsidwe. Yapakona idapita kwa bambo Hector, iwo n'kutsegula bala. Chipinda choyandikana nacho adalowamo apolisi, pakuti nkhondo inali itakula ndipo anyamata ankangosowa m'makomo, ulendo wa ku Mozambique. Panalibe wofuna kumwa mowa wapolisi akumvetsera kuseri kwa khoma, moti mabotolo adachita fumbi pa shelefu.

Tecla adakweza makina ake pa lole kupita ku Tafara, kumene adachita lendi chipinda kwa Serafina, mayi wa ku Tete wogulitsa masamba. Makasitomala ake ena ankamulondola komweko pa basi. Serafina atabwera ndi mbiri yoti bambo Hector atseka bala ndipo akudwala nayo nkhawa, Tecla sadachotse phazi pamakina. Adangomupempha kuti asunthe pang'ono, akumutchingira kuwala.