Funso la Rahila pa Munda wa Mpunga

Zuhura anali m'matope ku Chia, akuokera mpunga, pamene anaona alamu ake, a Hamidu, akubwera ndi chingwe choyezera munda. Chimwalirireni mwamuna wake, bambowa anali asanatchulepo za mundawu. Pambuyo pawo pankabwera Rahila, mwana wake yekhayo, wophunzira zamalamulo kuyunivesite, nkhope ili pansi.

"Alamu, chingwecho mwataya mbuzi?"

"Funsani mwana wanuyu. Ndiye wanditsegula maso."

"Amayi, ndi kafukufuku chabe," anatero Rahila. "Amatiphunzitsa kutenga vuto limodzi n'kuona kuti mwambo ukuti chiyani, Chisilamu chikuti chiyani, boma likuti chiyani. Kenako timayerekeza."

"Ndiye mavuto anatha m'Nkhotakota monse muno, mpaka utole munda wanga?"

"Ndinangowafunsa bambo aang'ono kuti munthu akamwalira n'kusiya mwana wamkazi yekha, m'bale wake amapezapo chiyani. Iwo n'kupita kwa ashehe."

"Ndipo gawo langa lilipo," anatero a Hamidu, akukhoma chikhomo m'malire.

Zuhura anaweramuka, msana ukulira. Mtima unamuwira. Mundawu anauswa yekha ndi malemu, misundu ikuwayamwa m'miyendo, alamuwa ali phee pa bawo. Mpunga wake womwewu ndiwo unamufikitsa mwanayu kuyunivesiteko.

"Nanga boma lakolo likuti chiyani?"

"Limaika mkazi ndi ana patsogolo. Koma wofufuza sayenera kukhala mbali, amayi."

"Sukhala mbali? Ukamadya mpunga umakhala uli mbali iti? Waputa njoka, ndiye ukufuna ukwere pachulu, uone mmene indilumire, ukalembe? Aphunzitsi akowo adzandilimira kuti?"

Anatola mtolo wa mbande n'kuuponya pamapazi a mwanayo. Matope anathovokera pa siketi.

Rahila anayang'ana mbandezo, n'kuyang'ana miyendo ya mayi ake. Anavula nsapato, nalowa m'madzi mpaka pachikhomo paja.

"Bambo aang'ono, zulani ichi. Ngati mukufuna gawo, tikakumane kukhoti. Ndikaima ndi amayi."

"Iwe! Si dzulo lomweli unkandigwadira ndi mafunso?"

"Dzulo ndinkafunsa."

A Hamidu anazula chikhomo, nakulunga chingwe chawo akung'ung'udza kuti nkhaniyi sinathe. Zuhura sanawaperekeze ngakhale ndi maso. Sanathokozenso mwanayo, amene tsopano anali atatola mbande zija n'kuyamba kuokera. Anangowerama, n'kumuponyera diso lam'mbali.

"Talikitsa mbandezo, iwe. Ukuthithikiza."