Galimoto Yosasiya Munthu Panjira

Pa Chitipa Boma panalibe wogulitsa galimoto amene sanatope naye Mthunzi. Mkuluyu anali wa imigireshoni, kwawo ku Ntcheu, ndipo khalidwe lake lofufuza mapasipoti analitengera ku injini. Ankagogoda matayala, kununkhiza utsi, kugona pansi pa galimoto ali mu yunifolomu, kenako n'kudzuka, kusasa fumbi, n'kunena kuti akaganize kaye. Anthu ankamuseka. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mkazi wake Tionenji anali namwino ku Nthalire, ndipo dzinja lathalo, matenda a uchembere atamuyamba movuta, galimoto imene inawanyamula kupita kuchipatala cha pa Boma inazima m'matope pakati pa njira. Mwana anabadwira pomwepo ndipo sanalire. Tsopano Tionenji anali woyembekezeranso, mvula nayo ili pafupi.

"Sindikufuna yokongola ine," ankatero Mthunzi. "Ndikufuna galimoto yosasiya munthu panjira."

Atasefa n'kusefanso, zinatsala ziwiri. Zonse zinali zikuluzikulu zija amakwera mabwana, za mipando yachikopa ndi magalasi akuda, zogwirapo kale ntchito kunja, zongolowa kumene kuchokera ku Dar es Salaam, nambala zisanamatidwe. Yoyera inali ya Martin, munthu wa pakamwa posatseka, amene Chiswahili chinkamutuluka chokha akafuna kukunyengerera. Yakuda inali ya Lucius wa ku Misuku, bambo wofatsa amene uwu unali ulendo wake woyamba kubweretsa galimoto. Ameneyo ankaipukuta ndi mpango wake wa m'thumba, mpango womwewo n'kudzipukutira nkhope.

"Mzee, yanga ndi ya kiyi wopotokola, yachimuna," anatero Martin. "Izi za mabatani ndi zidole. Tsiku lina idzangokuyang'anani."

Lucius sanakwiye. Anatsegula chitseko cha yakudayo n'kumuonetsa Mthunzi kakiyi konga kabokosi ka machesi, kali m'kadzenje pafupi ndi giya. "Adada, aka kamangokhala apa. Inu mungoponda buleki n'kudina batani. Chichokereni ku doko sinandikanepo ngakhale kamodzi. Ndikulumbira."

Mthunzi anati pakamwa sipayesa galimoto, woyesa ndi msewu wa ku Nthalire. Zonse ziwiri zipite, iye ayendetseko iyi, ayendetseko iyo. Apo Lucius anakanda m'mutu.

"Adada, kumtunda uko sikuli bwino masiku ano. Kwamveka za anamapopa. Anthu akugona panja, zikwanje zili kumutu. Galimoto zakuda magalasi, zopanda nambala..."

"Masana dzuwa likuswa mtengo? Opopa magazi ake ati amenewo? A Lucius, ngati mukuopa kuti yanu ikachita manyazi, ingonenani."

Mawu oipa amenewo, abale! Lucius anangolowa m'galimoto yake n'kudina batani.

Mthunzi anayamba ndi yoyera. Inkakwera mapiri mokalipa, kugunda m'maenje ngati ngolo, koma mphamvu inali nayo. Pakati pa ulendo anasinthana, iye n'kulowa mu yakuda, Lucius ali pambali pake. Iyi ndiye inkangoseseleka, miyala osaimva n'komwe, ndipo mtima wa Mthunzi unayamba kupendekera kumeneko. Komabe sanafune kuvomera msanga. Akakumbukira mphamvu za yoyera ankakayika, akamva kufewa kwa yakuda n'kukayikanso. Akuluakulu ananena kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Atatsika chitunda china n'kufika pakamtsinje kouma, anaima. Malowo ankawadziwa kuposa khomo la nyumba yake. Apa ndi pamene galimoto ija inazimira, apa ndi pamene anagwada m'matope akuitana Mulungu amene sanayankhe. Anazimitsa injini, natuluka. Martin anaimika yoyera chapatsogolo, kutsidya kwa kamtsinjeko.

"Tsegulani maboneti," anatero Mthunzi.

Anatulutsa m'chikwama sirinji yaikulu imene anabwereka kwa mkazi wake, kapaipi koonekera mkati ndi mabotolo awiri. Makaniko wina anamuuza kuti galimoto yobisa matenda imagwidwa ndi oyilo wa m'giyabokosi, akadali wotentha. Akakhala wofiira bwino, ili moyo. Akada n'kumanunkha chopserera, thawa. Anayamba ndi yoyera, ndipo oyilo wake anatuluka woderako. Martin anayamba kulongolola zoti ndi fumbi chabe. Kenako anapita ku yakuda, nalowetsa kapaipi, nakoka. Sirinji inadzaza ndi madzi ofiira piriwiri, ena n'kumuyenderera m'zala mpaka m'chigongono.

Anaikweza kudzuwa, akumwetulira koyamba tsiku limenelo. "A Lucius, onani! Iyi ndiye..."

Pamenepo ndi pamene amayi atatu ochokera kuchigayo anatulukira pakanjira, malichero a ufa ali pamutu. Anaona galimoto ziwiri zachilendo zopanda nambala. Anaona mwamuna wosamudziwa atanyamula jakisoni wamkulu wofiira, manja ali psuu, botolo lofiira lili pansi. Ndipo Mthunzi, mwaulemu wake wonse, anawatembenukira ndi sirinjiyo m'manja.

"Monire amama!"

Ufa unamwazika. Mfuu imene anakuwa amayiwo inang'amba phiri lonse.

"Ŵanamapopa! Ŵafika! Ŵanamapopa!"

Mluzu unalira kumtunda, wina n'kuyankha kutsidya, kenako zitini ndi makasu kugogodwa mbali zonse. Musandiuze kuti anthuwo anali amisala. Anali anthu amene agona panja masabata angapo atakumbatira ana awo, akudikira chinthu chimene sanachionepo, ndipo lero achiona ndi maso. Mantha ndi oipa kuposa mowa. Anatsika m'minda ndi zikwanje, nkhwangwa, mipini ndi miyala, amuna ndi akazi omwe.

Lucius anakweza manja n'kuyamba kuwalankhula m'Chitumbuka kuti awa ndi mafuta a galimoto basi. Sanamalize. Mwala unamupeza pachipumi, phwa! Magazi enieni tsopano anatsika n'kumutseka maso. Mwala wina unaswa botolo lija, wina unamenya Mthunzi m'nthiti mpaka mpweya unamuthawa.

"Twende! Thawani!" anakuwa Martin.

Aliyense anathamangira kumene miyendo inamutengera. Mthunzi anadumpha kamtsinje n'kugwera pampando woyendetsera wa yoyera, Martin n'kudziponya mbali inayo. Kiyi anali pomwepo. Anapotokola kamodzi, injini inabangula. Chikwanje chinakhapa chitseko, galasi lakumbuyo linaphulika, koma galimoto inalumpha n'kukwera chitunda, miyala ikugwa padenga ngati matalala. Pagalasi loonera kumbuyo Mthunzi anaona Lucius akukwawira mu yakuda n'kudzitsekera. Anayembekeza kuiona ikunyamuka. Fumbi linatseka zonse asanaone kanthu.

Anathamanga mtunda ndithu. Kumbuyo kunalibe galimoto yowatsatira.

Martin anayamba kuseka, kuseka koipa kwa munthu amene wapulumuka, misozi ikutuluka. "Mwaona, mzee? Mwaona? Yanga kamodzi kokha! Chidole chija chakana! Ndinanena ine, ndinanena!"

Mthunzi anangoika maso pamsewu. Pamene ankaponda buleki pakona, kanthu kolimba kanamukanikiza pantchafu. Analowetsa dzanja m'thumba la buluku. Zala zake zinakhudza kabokosi kosalala. Pozimitsa injini paja, mutu uli kwa mwana wake, anatola kakiyi n'kukaponya m'thumba monga amachitira ndi makiyi a ku ofesi. Galimoto yakuda sinakane. Inkadikira kakiyi kamene kanali kuthawa ndi iye.

Anaponda buleki mpaka matayala anakuwa.

"Mukutani?" anafunsa Martin.

"Tikubwerera."

"Mwapenga? Atipha! Iyi ndi galimoto yanga, simubwerera nayo kumeneko!"

Martin anagwira chiwongolero. Mthunzi anamukankha, Martin n'kumutchaya chibakera pakhutu, china pakamwa, mpaka dzino linagwedera. Apo Mthunzi anabweza ndi chigongono, ndi ukali wonse umene anausunga chichokere dzinja lija, ndipo mphuno ya Martin inalira thyo! Munthu anagwira nkhope, magazi akudontha pampando wake wachikopa, akutukwana m'zilankhulo zitatu. Mthunzi anatembenuza galimoto, nalowa m'munda wa eni ake, natulukanso, nayamba kutsika chitunda dzanja lili pa hutala.

Utsi anauona asanafike. Yakuda inali itayaka kumbuyo, magalasi onse ataswedwa, chitseko chili pululu. Lucius anali atamukokera pansi. Anthu anamuzungulira, mipini ikukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, ngati akuomba mapira. Sankakuwanso.

Mthunzi analowa pakati pawo ndi galimoto. Anthu anabalalika, mnyamata wina wamkulu n'kugundidwa ndi bampala mpaka kugubudukira m'kamtsinje. Mthunzi anatuluka, nagwira Lucius m'khwapa, nayamba kumukoka. Mpini unamugwera pamsana. Chikwanje chinamutema paphewa, ndipo anamva malaya akunyowa. Anagwada, nadzukanso, osamusiya munthuyo. Bambo wina anakweza nkhwangwa ndi manja awiri, ndipo Mthunzi anangotseka maso.

"Lekani! Lekani, mwe! Aŵa mbafumu ŵa anesi!"

Anali mayi wina wachikulire amene anadziponya pakati, manja ali m'mwamba, akukuwa kuti uyu ndi mwamuna wa namwino wa ku Nthalire. Mayiyu ndi amene anatchinga ndi chitenje chake tsiku lija mwana anabadwira m'matope pamalo omwewa, ndipo nkhope ya bambo amene analira ngati mwana sanaiiwale. Nkhwangwa inaima m'malere. Ena anamva, ena akumbuyo sanamve ndipo miyala inkabwerabe, koma kamphindi kameneko kanakwana. Martin, ndi mphuno yake yothyokayo, anali atalowa kale pachiwongolero. Akanatha kuwasiya, ndipo ndinene zoona, ine ndinkayesa awasiya. Koma anatsegula chitseko chakumbuyo.

"Haraka! Msanga! Lowetsani munthuyo!"

Ananyamuka chobwerera m'mbuyo, natembenukira njira ya ku Boma, kudutsa pambali pa yakuda imene tsopano inali moto wokhawokha.

Mthunzi anakhala kumbuyo, mutu wa Lucius uli pamiyendo pake. Nkhope ija sinkazindikirikanso. Maso anatupa n'kutsekeka, mkono wina unapindika pamene sipapindika, ndipo akapuma munkamveka kubwata m'chifuwa. Mthunzi anavula malaya n'kumumanga mutu, koma magazi ankangodutsa. Msewu unali womwe uja, maenje omwe aja, ndipo kachiwiri m'moyo wake anali atanyamula munthu pamiyendo akupempha kuti Boma iyandikire.

Milomo ya Lucius inagwedera. Mthunzi anaweramira pafupi.

"Adada... ndimwe?"

"Ndine, a Lucius. Musalankhule. Tikupita kuchipatala."

"Pepani, adada." Anameza movutika. "Ndinadina. Ndinaponda buleki, ndinadina, ndinadinanso. Maso sankaona, koma batani ndinalipeza. Yangokhala chete." Misozi inatuluka m'zikope zotupazo n'kusakanikirana ndi magazi. "Ndinakulumbirirani pachabe. Ikanadzawasiya amama panjira. Mugule ya a Martin."

Kutsogolo Martin anangoonjezera liwiro.

Mthunzi akanatha kukhala chete. Kakiyi akanakaponya pawindo, kakagwere m'tchire la Nthalire, ndipo Chitipa yense akanadziwa kuti galimoto ya Lucius inakana. Palibe akanamufunsa. Chinthucho chinkamuotcha pantchafu ngati khala.

Anakatulutsa. Anatenga dzanja la Lucius limene silinathyoke, nalitambasula, naikamo kakiyiko, n'kupinda zalazo ndi zake.

"Kanali m'thumba mwanga, a Lucius. Ndinakatenga ndine. Ndinathawa nako."

Zala za Lucius zinayenda pang'onopang'ono pakabokosiko, kukhudza m'mbali, kukhudza timabatani take. Kenako zinaima, moti Mthunzi anaika khutu pachifuwa pake. Ankayembekeza kutukwanidwa, ndipo ankakufuna kutukwanidwako ndi mtima wake wonse.

"Ndiye kuti sinakane," anatero Lucius.

"Sinakane."

"Yewo... Ndimadziwa ine. Siikana ija."

Anakafumbata kakiyiko pachifuwa. Galimoto yoyera inayenda bwino kwambiri ulendo wonsewo, sinazime ngakhale pamodzi, ndipo inafika pachipata cha chipatala dzuwa lisanalowe. Anamwino atabwera ndi machira, anamugwira Lucius pakhosi, nayang'anana, ndipo sanathamangenso. Kuti amuchotse kakiyi m'manja anachita kumutambasula zala chimodzichimodzi, ndipo poti sankadziwa mwini wake, anakapereka kwa Mthunzi.