A Tsomo Akana Khomo Lapafupi

Gyaltsen anaimika galimoto pafupi ndi nyumba ya amonke, pamwamba pa phiri, kuti amayi ake, a Tsomo, asavutike ndi bondo lawo lotupa. Khomo linali poteropo, chakumanja. Alendo ena ankangolowera komweko, mafoni ali m'mwamba, akujambula chigwa.

A Tsomo anatsika n'kukhotera kumanzere.

"Amayi, khomo ndi ili!"

"Ndaliona, sindine wakhungu. Kutauni kuja unaiwala eti? Malo opatulika timayamba tawazungulira, khoma lili kudzanja lamanja."

"Koma mpandawu ndi wautali, njira yake miyala yokhayokha. Tangobwera kudzaona, Amayi."

"Iweyo uziona. Ine ndakalambira m'munda wa balere ndikulilakalaka phirili, ndiye lero ndilowere kumbali ngati mbuzi yakuba?"

A Tsomo anauyamba ulendo, ndodo patsogolo, dzanja likupukusa mawilo a mapemphero, omwe amonke anawandandalika pakhoma kuti opembedza aziwazunguza podutsa. Mphepo ikawakankha, ankaikalipira. Gyaltsen ankawatsatira, atanyamula tiyi wabatala.

Pomwe ankafika pakhomo, n'kuti mmonke wachikulire akutseka. "Pepani, Amayi, mubwere mawa."

A Tsomo anapukuta thukuta n'kucheukira mwana wawo. "Wamva? Mawa udzaimike galimoto pomwe paja. Ndidzazunguliranso."