Kabokosi ka Udzudzu ka a Osório

Wailesi ija inali yanga, anandisiyira malemu mayi. Amuna anga a Osório, amene amakonza mafoni pamsika wa Tsangano, anaiphwasula ine ndikuona.

"Terezinha, ndikupangira kamakina kothamangitsa udzudzu," anatero. "Kulira kwake munthu sangamve, amamva ndi udzudzu wokha."

"Kulira kosamveka? Inu, musandiseketse."

Komabe ndinawagwirira mawaya akuwotcherera ndi chitsulo chamoto, mpaka chala changa chinapsa. Kasipika, timawaya ndi batire anaziika m'kabokosi kofiira ka sopo. Atayatsa, kwa ine kunali zii. Koma galu wathu Bandido analira ngati wapondedwa mchira, n'kuthawira m'munda wa kachewere. Tikangoyatsa, chimodzimodzi. Udzudzu ndiwo unalibe nazo ntchito, moti tinapitiriza kugona m'masikito. Ine ndinkakakondabe, chifukwa anapangira ine.

Kenaka kabokosi kanasowa pawindo.

"Ndapatsa munthu wina wa ku Chidzolomondo," anatero osandiyang'ana.

Kuyambira pamenepo ntchito inawachulukira. Ati mafoni ndi ambiri, ndigona kumsika. Ankabwera m'mawa akudzikanda, msana wonse uli ndi totupa.

Loweruka ndinanyamula chimanga kupita kuchigayo, Bandido ali pambuyo. Tikudutsa pa nyumba ya Lucrécia, wogulitsa nyemba uja amene foni yake siichedwa kuwonongeka, galu anaima. Anapinda makutu, analira kulira komwe kuja, n'kuliyatsa liwiro. Mayo ine! Ndinatula thumba n'kulowa pabwalo.

Kabokosi kanga kanali pawindo pake, koyatsa dzuwa likuswa mtengo. Masikito ake anali atatchingira anapiye.

"Odi, a Lucrécia. Masikito mwapatsa nkhuku?"

"Ee achemwali, ine masikito ndinasiya. Kunja kuno kuli luso." Ankanena akukanda khosi, alibe ndi manyazi omwe.

Ndinayang'ana chipsera cha pachala changa. Ndinatembenuka n'kukasenza thumba langa. Wailesi ya mayi anga, chala changa, zonsezi kukasangalatsa mkazi wa nyemba! Kuchigayo sindinafikeko.

Madzulo a Osório anafika, anavula malaya n'kukhala pakhonde.

"Terezinha, tandikanda kumsanaku. Udzudzu wa kumsika ndi wankhanza."

Ndinalowa m'nyumba. Ndinatenga chitsulo chawo chowotcherera, mawaya ndi zovala, ndinamanga m'chitenje, n'kuwaikira pamiyendo. Mudzi uno ndi wa kwathu, iwo anachita kubwera.

"Ichi n'chiyani tsopano?"

"Akakukandeni amene mukulumidwa naye limodzi."

Anayasama, kenaka anayamba kulumbira kuti anthu andinamiza, ndinene amene wandiuza. Ndinaloza Bandido, amene anagona pafupi ndi nkhokwe.

Ananyamuka atakolekera phukusi lija paphewa, dzanja lina likukandabe msana. Ine ndinatseka chitseko, ndinatsitsa masikito, ndinalira ndekha m'menemo.