Mamita makumi anayi

Kalata ya Overtoun inafika ku Mzuzu mu Juni 1958, nyengo imene nkhungu imachedwa kuchoka pankhalango ya Kaning'ina. Winifred Manda, mphunzitsi wochokera ku Nkhata Bay, anali atatha zaka zisanu ndi zinayi osamva mawu a mlongo wakeyu, amene anapita kumigodi ya ku Kitwe. Kalatayo inati kwaya imene Overtoun ankaimbamo idzamveka pa wailesi Lamlungu masana, pa makilosaiko 7,500.

Koma wailesi yakale ya Winifred inali ndi manambala a mamita okhaokha. Anafufuza pagalasi pake mpaka maso kuwawa, 7,500 osaipeza.

Loweruka anapita kwa Whyte Kachingwe, kalaliki wa ku Ntcheu amene ankatumiza mauthenga a boma pa wailesi.

"Adada, kodi m'bale wanga walakwitsa nambala?"

"Sanalakwitse, aphunzitsi," anatero Whyte atawerenga. "Iye wanena kuchuluka kwa mafunde pa sekondi imodzi. Wailesi yanu ikufuna kutalika kwa funde limodzi. Inu wakunyanja, mafunde akamabwera pafupipafupi amakhala otani?"

"Amakhala aafupi."

"N'chimodzimodzi. Mafunde a wailesi amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Gawani 300,000 ndi makilosaikowo, mupeza mamita."

Anamupatsa pensulo. Winifred analemba kuseri kwa envulopu, n'kufufuta maziro awiri uku ndi uku.

"Makumi anayi."

"Ikani singano ya wailesi pomwepo. Mumangenso waya wa theka lake, mamita makumi awiri, m'mwamba ndithu."

"Yewo chomene, adada."

Pobwerera kunyumba kwake ku Msongwe anaima panjira ya m'mabulugamu, nayamba kuwerenga mapazi, akuponda motalikitsa. Atakwana makumi anayi anacheuka. Mtengo umene anayambirapo unkaoneka mwachimbuuzi m'nkhungu. Choncho funde limodzi linali lotalika ngati kuchoka pakhonde la kwawo ku Chintheche kukafika pamene bambo awo ankayanika ukonde. Anaganiza za mafundewo akuwoloka Luangwa, akukwera mapiri a Viphya, akudutsa m'madenga a udzu ndi m'zifuwa za anthu popanda wowamva. Mwina mawu a Overtoun anali atamudutsapo kale tsiku lina iye akuchapa.

Lamlungu atachoka kutchalitchi anamanga waya kuchokera padenga kukafika pamtengo wa mapeyala. Anasuntha singano pang'onopang'ono mpaka pa 40. Poyamba kunangomveka ngati mvula ya patali. Kenako mwamuna wina analankhula Chibemba, ndipo nyimbo inayamba.

Oimba anali ambiri. Winifred anagunditsa khutu pa wailesi, kufunafuna liwu limodzi pakati pawo, koma mawuwo ankabwera n'kubwerera, onse pamodzi. Nyimbo yoyamba inatha asanamuzindikire. Yachiwirinso.

Isanayambe yachitatu, munthu wina chakumbuyo anatsokomola kawiri, mwachidule, monga ankachitira Overtoun ali mwana akamaopa kuimba pagulu. Winifred anatseka maso. Sanafunenso kusiyanitsa mawu. Anangomvera nyimboyo mpaka inazilala.

Madzulo ake analemba kalata. Anamuuza Overtoun kuti anamumva bwinobwino, kuti amayi awo akukalamba, ndiponso kuti chifuwa chimenecho akapite nacho kuchipatala.