Uvuni wa pa Chikamwini

Mlongo wanga Mateyo anali ndi manja odziwa buledi, koma makutu analibe. Ndikunena ine Consolata, mkulu wake, amene ndinamubereka kumsana ali khanda.

Anabwerako ku Chipata chaka cha 1983, atagwira ntchito pa bekale zaka zingapo. M'mutu mwake munali chinthu chimodzi basi: kumanga uvuni wa njerwa n'kumawotcha mabanzi. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa Guilleme, ndiye Loweruka lina ndinamukhazika pakhonde.

"Usanaumbe njerwa ndi imodzi yomwe, tilembe pulani," ndinatero. "Bizinesi ikakhala m'mutu imaoneka yabwino yonse. Tiyiike papepala tione pobowoka."

Anaseka, koma anakhala. Ine kufunsa, iye kuyankha, ine kulemba. Ogula ndani? Ana a sukulu, anthu otuluka ku Misa, madalaivala odikira pa boda. Fulawa? Azikatenga ku boma pa njinga. Nanga nkhuni m'dzinja? Adzaziunjika m'chisakasa mvula isanayambe. Miyezi ya njala, anthu akasiya kugula? Aziwotcha timabanzi tating'ono totsika mtengo. Ngakhale za anyamata achipani otchinga pakhomo la msika anali ataganiza kale, khadi lake la chipani linali m'thumba. Kunena zoona, tsiku limenelo ndinamunyadira.

Kenako ndinafunsa funso lomaliza.

"Uvuniwo uumanga pa malo a yani?"

"Kuseri kwa nyumba yathu, ku Chiosya."

"Yathu yake iti? Kumene kuja ndi kwawo kwa mkazi wako Keziya. Iwe ndiwe mkamwini."

Kwathu kuno mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi. Dothi ndi la akuchikazi, ana ndi a akuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi mtsibweni wa mkaziyo. Mateyo ankazidziwa zonsezi ngati mmene amadziwira dzina lake.

Ndinamuuza kuti apemphe chitengwa, amutengere Keziya kwathu. Anati apongozi ake ndi okalamba, sangawasiye okha. Ndinati apeze kamalo kake pamsika. Anati n'kutali ndi chitsime. Pamenepo mtima unandikwera, ndinalankhula mosapsatira.

"Nanga Keziya atatisiya, iwe udzanyamula chiyani?"

Nkhope yake inasintha. "Achemwali, musalaule. Mkazi wanga ali moyo, akupalira mtedza panopa, inu mukumukumbira manda papepala?"

Anaimirira n'kukwera njinga, tiyi osamaliza. Pamzere wa malo sitinalembepo kanthu.

Uvuni anaumanga, ndipo unali uvuni ndithu. Fungo lake linkafika mpaka kumsewu. Zonse zimene tinalemba zinayenda, fulawa, nkhuni, ngakhale miyezi ya njala anapyola. Keziya ankakanda, Mateyo n'kumawotcha, mwana wawo mmodzi yekhayo, Rozi, n'kumapaka mafuta m'zitini. Akandiona Mateyo ankandinyogodola.

"Aphunzitsi, pulani yanu ija yatsala mzere umodzi, koma taonani tikudya."

Ine ndinkaseka naye. Ndinkafunitsitsa kuti wolakwa ndikhale ine.

Keziya anamwalira pobereka mwana wachiwiri, mwanayo anapita naye limodzi. Rozi anali atangolowa Sitandade 5.

Atameta maliro, akuchikazi anaitanitsa bwalo la kusudzula, lomasula wamasiye kuti abwerere kwawo. A Benedicto, atsibweni ake a Keziya, si munthu woipa ayi, ndipo n'chimene chimandipweteka. Analankhula mwaulemu, chipewa chili m'manja.

"A Mateyo, mwana wathu munamusunga bwino, palibe chimene tingakudandaulireni. Lero takumasulani. Rozi timulera, muzibwera kudzamuona."

Mateyo anafunsa ndi mawu ang'ono, "Nanga uvuni?"

A Benedicto anayang'ana pansi. Amene anayankha ndi mayi wina kumbuyo, "Uli pa dothi lathu."

Ndinafuna kuimirira ndiwalalatire onse, koma ndikanati chiyani? Palibe amene anaba kanthu. Mwambo unangoyenda m'njira yake. Mlongo wanga anamanga zitini zake pa keliyala ya njinga, Rozi atagwira chishalo osafuna kusiya, mpaka agogo ake anachita kumumasula zala.

Mateyo anabwera kudzakhala kwa ine. Ndinati tilembe pulani ina, malo tiyambire pomwepo. Anangopukusa mutu. Zitini zija zinachita dzimbiri pansi pa bedi.

Patapita miyezi, Lamulungu lina tikutuluka m'tchalitchi, tinamuona Rozi pansi pa mtengo pamene pamakhala ogulitsa. Anali ndi beseni la mabanzi, atawonda, diresi yamuthina m'khwapa. Atationa anafuna kuthamanga kudzatichingamira, koma beseni analibe womusiyira.

Mateyo anagwada pambali pake n'kutenga banzi limodzi. Pamwamba linali lopserera. Atalinyema, m'kati munali phala lokhalokha.

"Akuwotcha ndani?"

"Mwana wa agogo a Benedicto. Anthu akumadandaula, ababa. Dzulo ena anabweza."

Ndinkaganiza kuti akondwera, chifukwa ine ndinakondwera, sindibisa. Koma iye anayamba kumufotokozera mwanayo pang'onopang'ono.

"Ukawauze kuti akuthamangira. Moto ukatha achotse makala onse, asese, atseke chitseko adikire. Aponye kafulawa pansi pa uvuni. Kakada msanga, asaike mabanzi. Kakafiirira pang'onopang'ono, ndiye nthawi yake. Wamva?"

Rozi anagwedeza mutu, misozi ili m'masaya.

"Bwerani mukawauze nokha, ababa. Mukangowotcha kamodzi kokha."

Mateyo anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa ndalama n'kumuika m'dzanja. Mwanayo anakana, nati banzi la uvuni wawo womwe sangagule. Bambo ake anamufumbatitsa zala n'kuzigwira kwa kanthawi.

Anaimirira, n'kudya banzi losapsalo lonse, osasiyako ngakhale kanyenyeswa.